Netiweki

Ku Kawale kapena ku Chinsapo, munthu akati netiweki amanena timizere ta Airtel kapena TNM pafoni, tomwe timathandiza ukagula bandulo. Koma tanthauzo la mawuwa ndi lotambalala: ndi ukonde wolumikiza makompyuta kuti azigawana zinthu. N'chifukwa chake mulaibulale ya yunivesite, monga ya LUANAR ku Bunda, netiweki iyenera kufikira laputopu ya wophunzira aliyense. Ena amati wophunzirayo angolumikiza laputopu ku foni yake. Komatu magazini ambiri a kafukufuku ndi olipira, ndipo kawirikawiri amatseguka wofalitsa akazindikira kuti ukulowera pa netiweki ya sukulu yomwe idalembetsa. Bandulo payokha singakutsegulire magaziniwo, ndiponso mwana wa ku Mgona ndalama yogulira bandulo mwezi ndi mwezi aitenga kuti?