Kusamalira Kompyuta ndi Ngozi ya Mapulogalamu Oyeretsa Registry

Kompyuta ya pasukulu kapena ya m'kashopu kosindikizira makalata ku Milonde, m'boma la Mulanje, kumene chinyezi chimachuluka m'dzinja, fumbi n'kubuka m'chilimwe, ndipo magetsi amatha kuthima mwadzidzidzi, imafuna chisamaliro chosalekeza: kupukuta fumbi lomata pa fani yake, kuika antivirus yatsopano, kuyeza flash iliyonse isanatsegulidwe, ndi kusunga makope a zikalata pamalo ena.

Koma pa chisamalirochi, registry ndi yofunika kuchenjera nayo: ndiyo nkhokwe mmene Windows imasunga malangizo a mapulogalamu ndi zipangizo zake. Ndipo mapulogalamu amene amalonjeza kuiyeretsa kuti makina afulumire, pofufuta zimene aziyesa zinyalala, angathe kuchotsa mzere umodzi wofunika, printa n'kuleka kusindikiza, kapena kompyuta n'kukana kuyaka. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phindu la kuyeretsa registry n'lochepa ndithu, ndipo a Microsoft, eni ake a Windows, sachirikiza mapulogalamu oterewa. M'chaka cha 2017 achiwembu anabisa kachirombo mu CCleaner, imodzi mwa mapulogalamu oterewa, ndipo anthu oposa mamiliyoni awiri anaikopera osadziwa.

Wofunitsitsa kukhudza registry ayambe wapanga restore point, kuti zikavuta abwezere makinawo mmene analili.