Wayilesi ya ku Lusaka ndi Kawayilesi ka Sefuliya

Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inayamba mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, linkafuna kuti mabanja a asilikali achikuda azimva za kunkhondo. Makina ake anali ofooka ndipo omvera anali ochepa, poti anthu wamba ankachita kusonkhana kwa mfumu kapena paboma pomwe panaikidwa wayilesi imodzi.

Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anakopa akuluakulu kuti Lusaka iziulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pomwe Salisbury, ku Southern Rhodesia, izitumikira azungu. Nyumbayi inatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Chomwe chinkasowa ndi wayilesi yoti munthu wakumudzi, kopanda magetsi, n'kuikwanitsa. Franklin anagogoda m'makampani ambiri mpaka Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 kunabwera Saucepan Special, kawayilesi kopangidwa m'sefuliya yopanda chogwirira. Kanali kopentedwa buluu, mabowo ake otchingidwa ndi kasefa kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe, ndipo kankakhala pamwamba pa batire lake. Mtengo wake unali mapaundi 5, batirelo mashilingi 25, lotha maola pafupifupi 300. Zinali ndalama ndithu, komabe mphunzitsi, kalaliki kapena wa kumigodi ankatha kuzisunga, ndipo nyumba yomwe yagula inkadzaza ndi anansi madzulo. Apa m'pamene wayilesi inalowadi m'moyo wa anthu.

Omvera sanangokhala olandira uthenga wa boma. Makalata ankabwera miyandamiyanda ku pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, momwe munthu wa ku Wenela kapena ku Kitwe ankapempha nyimbo n'kupatsa moni abale kumudzi. Ogwira ntchito, motsogozedwa ndi Michael Kittermaster, ankayenda m'midzi kujambula nyimbo zamakolo, ndipo Alick Nkhata, woulutsa mawu komanso katswiri wa gitala, anatchuka m'maiko onse atatu.

Chikhulupiriro chomwe omvera anali nacho pa wayilesiyi chinagwedezeka pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akukana. Poti oulutsa mawu ankawerenga nkhani za boma, mphekesera zinafala zoti ndi banyama, anthu opopa magazi, ndipo ena mwa iwo anaopsezedwa. Peter Fraenkel, yemwe ankagwira ntchito komweko, anafotokoza za masiku ovutawa m'buku lake la Wayaleshi la mu 1959.

Mu 1958 nyumbayi inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, dziko lililonse linakhala ndi wayilesi yakeyake: ya ku Lusaka inatsalira Zambia, pomwe ku Blantyre kunakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation mu 1964.