Jakisoni wa ku Khartoum ndi chishango cha nyongolotsi ya likodzo

Mu 1918, dokotala wa ku Britain John Christopherson, yemwe ankagwira ntchito ku Khartoum m'dziko la Sudan, analengeza kuti likodzo likuchiritsika. Mankhwala ake anali tartar emetic, ochokera ku chitsulo chotchedwa antimony, obaya mumtsempha. N'kuti patapita zaka 67 kuchokera pamene Theodor Bilharz anaiona nyongolotsi yoyambitsa matendawa m'mitembo ku Cairo, mu 1851.

Kuchira ankachiradi, koma movutikira. Wodwala ankabayidwa kambirimbiri kwa masabata angapo, uku akusanza, kutsokomola ndi kuphwanya m'thupi. Ena mtima unkangoima. Ku Egypt, boma linabaya anthu mamiliyoni kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, ndipo masingano osawiritsa bwino anafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis C. Mtengo umenewo unali waukulu kwambiri kwa alimi osauka a m'mbali mwa Nile.

Zaka zonsezo madokotala ankadziwa pang'ono chabe za momwe jakisoniyo ankaphera nyongolotsi. Yankho lina linali m'moyo wa nyongolotsiyo. Imakhala m'mitsempha ya munthu zaka zambiri, m'kati mwenimweni mwa asilikali a m'thupi, amene amaithira zinthu zowotcha monga hydrogen peroxide. Thupi la munthu limazima moto wotere ndi zida zingapo, china mwa izo catalase. Nyongolotsi ya likodzo ilibe catalase. Ntchito imene mwa munthu imagwiridwa ndi mapuloteni awiri, iyo inaisenzetsa puloteni imodzi, thioredoxin glutathione reductase, mwachidule TGR. Chishango chake n'chomwecho.

Mu 2007 gulu la David Williams ku Illinois, m'dziko la America, linaonetsa kuti TGR ikatsekedwa nyongolotsi zimafa m'masiku ochepa. Poyesa mankhwala osiyanasiyana, linapeza kuti antimony yakale ija imalumala puloteni yomweyi. Nawonso auranofin, mankhwala a nyamakazi okhala ndi golide, anapha nyongolotsi m'mbewa zoyeserapo. Christopherson anali atathyola chishangocho osadziwa kuti chilipo.

Panthawiyi jakisoni uja anali atasiyidwa kale. M'ma 1970 makampani a ku Germany, Bayer ndi Merck, anatulutsa praziquantel, mapiritsi omwe ana asukulu a ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja amamwa atadya kaye. Mapiritsiwa amalowera khomo lina: amalowetsa calcium wambiri m'thupi la nyongolotsi, imauma gwa, n'kutaya pogwira.

Ndi mankhwala abwino, koma dziko lonse latsamira pa iwo okha kwa zaka zoposa 40, ndipo nyongolotsi zomwe sizinakhwime sazipha bwino. N'chifukwa chake mwana amene anasamba m'madzi a nkhono zofalitsa likodzo masabata atatu asanamwe mapiritsi akhoza kudzakodzabe magazi. Mankhwala atsopano a likodzo olimbana ndi TGR akufufuzidwabe, ndipo palibe amene afika kale m'zipatala.