Mafunso ndi Mayankho: N'chifukwa Chiyani Malungo a Vivax Sapezekapezeka Kuno?

FUNSO: Kuno ku Kuti, m'boma la Salima, malungo satipatsa mpata, makamaka m'dzinja. Kuchipatala amati otivutitsawa ndi a falciparum, pomwe a vivax, ofala ku India, kuno ndi osowa. Zinayamba bwanji zimenezi?
Wowerenga, Kuti

YANKHO: Zikomo bambo kapena mayi pofunsa. Gwero la nkhaniyi lili m'magazi mwathu, pa kachigawo ka DNA kotchedwa promoter.

Munthu ali ndi majini (zigawo za DNA zokhala ndi uthenga wopangira mapuloteni) pafupifupi 20,000, koma selo lililonse limangogwiritsa ntchito amene likufuna. Kuti jini igwire ntchito, uthenga wake umayamba wakopedwa kuchoka mu DNA kupita mu RNA, ndipo RNA ndiyo imatsogolera kupangidwa kwa puloteni. Wokoperayo ndi RNA polymerase, amene ali ngati mlembi wokhala ndi chibuku chachikulu: popanda chizindikiro chomuuza tsamba loyambira, sangalembe kanthu. Chizindikirocho ndiye promoter, ndipo imakhala jini isanayambe.

FUNSO: Nanga kukoperako kumayamba motani?

YANKHO: M'maselo athu RNA polymerase sapeza yekha poyambira. Mapuloteni othandiza ndiwo amayamba kufika. Pa promoter ya majini ena pali kachigawo kodzaza ndi zilembo za DNA, T ndi A, kotchedwa TATA box, pa mtunda wa zilembo 25 mpaka 30 jini isanayambe. Puloteni ina imagwira pamenepo n'kupinda DNA, anzake n'kuunjikana, kenako RNA polymerase n'kukhazikika. Zingwe ziwiri za DNA zimamasuka pang'ono, ndipo kukopera kumayambika. Roger Kornberg wa ku America analandira mphoto ya Nobel mu 2006 chifukwa choonetsa mwatsatanetsatane mmene zimenezi zimachitikira.

FUNSO: Tsono zikugwirizana bwanji ndi malungo?

YANKHO: Kachilombo ka vivax kamalowa m'maselo ofiira a magazi pogwira puloteni yotchedwa Duffy, yomwe imakhala kunja kwa selo. Mu 1976 Louis Miller ndi anzake ku America anasonyeza kuti anthu opanda puloteniyi pa maselo awo ofiira sagwidwa ndi vivax. Chifukwa chimene anthuwa alibe puloteniyi chinadziwika mu 1995, pamene asayansi a ku Paris anapeza kuti jini ya Duffy mwa anthuwa ilipo ndithu, koma pa promoter yake chilembo chimodzi chokha, T, chinasintha n'kukhala C.

Pamalo pomwepo ndi pamene pamayenera kugwira GATA1, puloteni yodzutsa majini m'maselo opanga magazi. Ikalephera kugwira, kukopera sikuyamba, ndipo selo lofiira limakhwima lilibe Duffy. M'ziwalo zina jini yomweyo imagwirabe ntchito, chifukwa kumeneko sidalira GATA1. Anthu ochuluka kwambiri a kum'mwera kwa Sahara, kuphatikizapo Amalawi, anatengera kusinthaku kwa makolo awo akalekale.

Komabe chitetezochi si chathunthu: mu 2010 vivax anapezeka mwa anthu opanda Duffy ku Madagascar. Ndipo falciparum, yemwe amapha ana athu, safuna Duffy kuti alowe m'selo. Choncho abale a m'mbali mwa nyanja, gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi.