Norton: njinga yamoto ya Angerezi yomwe eni ake tsopano ali ku India

Njinga zamoto zambiri za akabaza zomwe zimanyamula anthu ndi nsomba pakati pa Senga Bay ndi tauni ya Salima zimachokera ku India ndi ku China. M'zaka za m'ma 1950 zinthu sizinali choncho. Nthawi imeneyo dziko la Britain ndilo linkatsogola popanga njinga zamoto, ndipo limodzi mwa maina otchuka linali Norton. Lero dzinali lili m'manja mwa TVS Motor Company ya ku India, yomwe imapanganso njinga za TVS HLX zomwe akabaza amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa.

James Lansdowne Norton adayambitsa kampaniyi mumzinda wa Birmingham mu 1898, ndipo poyamba inkapanga zida za njinga zakapalasa. Njinga yake yoyamba ya injini idatuluka mu 1902. Mu 1907 Rem Fowler adapambana pa Norton m'gawo la njinga za masilinda awiri pampikisano woyamba wa Isle of Man TT.

Kutchuka sikudabweretse ndalama zokwanira. Mu 1913 kampaniyi idatsala pang'ono kugwa, ndipo idapulumutsidwa ndi R.T. Shelley & Co. James Norton adamwalira mu 1925. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, Norton idapangira asilikali njinga pafupifupi 100,000, zambiri mwa izo za mtundu wa 16H.

Mu 1953 Norton idagulidwa ndi Associated Motor Cycles, eni ake a AJS ndi Matchless. Iwo adatseka fakitale ya ku Bracebridge Street ku Birmingham mu 1962 n'kusamutsira ntchito ku London. Eni atsopanowa nawonso adagwa mu 1966, ndipo Dennis Poore wa kampani ya Manganese Bronze Holdings adatenga dzinali n'kukhazikitsa Norton-Villiers. Chaka chotsatira kudatuluka Commando, njinga yomwe okonda Norton amaikumbukirabe.

Pomwe izi zinkachitika, makampani a ku Japan, motsogozedwa ndi Honda, adali atayamba kugulitsa njinga zosawonongeka kawirikawiri. Mu 1973 boma la Britain lidathandiza kuphatikiza Norton ndi BSA-Triumph kukhala Norton Villiers Triumph, koma mgwirizanowu sudakhalitse ndipo njinga za Commando zidasiya kupangidwa mu 1977. Dzinali lidawalanso mu 1992 pomwe Steve Hislop adapambana mpikisano wa Senior TT, kenaka lidapitirira kusintha manja mpaka kukafika ku America.

Mu 2008 Stuart Garner adagula dzinali n'kulibwezera ku England. Apa ndi pomwe anthu wamba adavutikira. Kampaniyi idagwa mu Januwale 2020, ena atalipira kale njinga zomwe sadalandire, pomwe ena mazanamazana adapeza kuti ndalama zawo za penshoni zidalowetsedwa mubizinesiyi. Mu 2022 khoti lidagamula Garner kukakhala kundende miyezi 8 chifukwa chophwanya malamulo a penshoni, koma chilangocho chidaimikidwa.

TVS idagula Norton mu Epulo 2020 pamtengo wa mapaundi 16 miliyoni, ndipo mu 2021 idatsegula fakitale yatsopano ku Solihull, kufupi ndi Birmingham komwe zonse zidayambira. Norton si yokha yomwe idapita ku India. Royal Enfield ili m'manja mwa Eicher Motors, dzina la BSA lidagulidwa mu 2016 ndi Classic Legends ya gulu la Mahindra, ndipo Bajaj, yomwe imapanga Boxer, imapanganso njinga zing'onozing'ono za Triumph.

Mbiriyi ikukhudzanso wakabaza yemwe amatenga ngongole kuti agule njinga. Dzina lolembedwa pathanki silinena yemwe adapanga njingayo kapena ngati adzakhalapo mawa. Kampani ikagwa, masipeyala amasowa ndipo lonjezo lokonza njinga ikawonongeka limathera pomwepo. N'chifukwa chake wogula amachita bwino kufunsa kaye ngati masipeyala a njingayo amapezeka m'mashopu a ku Salima kapena ku Lilongwe, komanso ngati amakaniko a m'dera lake amaidziwa injini yake.