Mawu amene akatswiri a mbiri amakanganirana pa nkhondo ya ku Mozambique

Nkhondo yapachiweniweni, monga amaifotokozera akatswiri a mbiri yakale, ndi nkhondo imene boma limamenyana ndi gulu la zida la m'dziko lomwelo polimbirana ulamuliro wa dziko lonse kapena wa chigawo chake. Ofufuza okonda manambala anaikapo malire. A Correlates of War ku America amafuna kuti pafe anthu 1,000 pachaka pomenyana, pomwe a ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden amalemba mkangano m'kaundula wawo pakangofa anthu 25 pachaka. Nkhondo ya boma la Frelimo ndi gulu la Renamo ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inapyola malire onsewa kutalitali. Komabe kwa zaka zambiri olemba mbiri ena ankakana kuitcha yapachiweniweni, ndipo kukana kwawoko kunali ndi mutu.

Boma la Frelimo linkaitcha guerra de desestabilização, nkhondo yosokoneza dziko, ndipo adani ake linkawatcha bandidos armados, mbava zamfuti. Boma silikhala pansi kukambirana ndi mbava, choncho dzinalo linali kale chigamulo chakuti Renamo ilibe cholinga cha ndale. Renamo nayo inkati ikumenyera demokalase. Anthu a m'midzi ankangoti Matsanga, potengera dzina la André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa gululi, yemwe anaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979 n'kulowedwa m'malo ndi Afonso Dhlakama. Masiku ano ambiri ku Mozambique amati nkhondo ya zaka 16, dzina lomwe siliimba mlandu aliyense. Dzina limene mlembi wasankha limaonetseratu kumene buku lake lapendekera.

Ganizo la kusokoneza dziko limati gwero la nkhondoyi linali kunja. Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma la Samora Machel linalola omenyera ufulu wa Zimbabwe kukhala ndi misasa m'dzikomo, ndipo mu Malichi 1976 linatseka malire ake ndi Rhodesia. Akazitape a Rhodesia, motsogozedwa ndi Ken Flower, anasonkhanitsa anthu oipidwa ndi Frelimo, nawapatsa mfuti, maphunziro ankhondo ndi wailesi. Zimbabwe itamasuka mu 1980, asilikali a boma latsankho la South Africa ndi amene anatenga gululi, ndipo m'manja mwawo linakula kwambiri. Pa 16 Malichi 1984 Machel ndi P.W. Botha wa ku South Africa anasainirana pangano la Nkomati, lakuti aliyense aleke kuthandiza adani a mnzake. Koma zikalata zomwe zinapezeka ku Casa Banana, likulu la Renamo ku Gorongosa, litalandidwa mu Ogasiti 1985, zinaonetsa kuti thandizo la South Africa silinaleke. Joseph Hanlon ndi William Minter ndi ena mwa olemba odziwika a ganizoli, ndipo umboni wawo wa mmene Renamo inayambira ndi ochepa amene amautsutsa.

Chovuta chinali china. Gulu lobadwira kunja linatha bwanji kufalikira m'zigawo zonse za dziko lalikulu chotere, n'kumadya, kumagona ndi kumapeza onyamula katundu kwa zaka zoposa khumi? Christian Geffray, Mfalansa wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anayankha funsoli m'buku lake la mu 1990, La cause des armes au Mozambique, atafufuza m'dera la Eráti m'chigawo cha Nampula. Iye anapeza kuti Frelimo inadzipalira yokha adani m'midzi. Inachotsa mafumu powati anali zida za atsamunda, inanyoza nsembe za mizimu, asing'anga ndi mitala kuti ndi umbuli, ndipo inasamutsira alimi m'midzi ya pamodzi, aldeias comunais, kutali ndi minda yawo ndi manda a makolo awo. Mudzi wa pamodzi unkamangidwa pa nthaka ya banja lina, ndipo osamukirawo ankasanduka alendo opempha malo. Renamo itafika, mafumu ena anasamuka ndi anthu awo onse kupita kumbali yake. M'mizinda namo munali zowawa zake: mu 1983, pa ntchito yotchedwa Operação Produção, anthu omwe ankaonedwa ngati malova anagwidwa n'kutumizidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado kukalima.

Apa m'pamene mawu akuti maziko a gulu pakati pa anthu analowa m'mkanganowu. Sakutanthauza kuti alimi ankaikonda Renamo. Geffray mwiniwake anaifotokoza ngati gulu lokhalira nkhondo basi, lopanda dongosolo la mmene lingalamulire dziko, ndipo anaonetsa kuti ambiri mwa omwe anailandira ndi manja awiri anadzanong'oneza bondo. Otto Roesch, yemwe anafufuza ku Gaza, kumwera, anapeza zosiyana: kumeneko Frelimo inali ndi mizu yozama, ndipo Renamo inkadalira kwambiri nkhanza. Mtsutsowu unatentha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mwina kuposa mmene unayenera kutenthera, chifukwa mbali ziwirizi zinkayankha mafunso osiyana. Chimene chinayambitsa nkhondo ndi china, chimene chinaikulitsa n'kuitalikitsa ndi chinanso. Olemba ambiri a masiku ano amavomera kuti inayamba ngati chiwembu cha mayiko oyandikana nawo, kenako n'kusanduka yapachiweniweni, ngakhale sagwirizana za chaka chimene inasandukira.

Akatswiri a zachuma ndi zandale anabweretsa mawu awo awiri, dyera ndi madandaulo, omwe Paul Collier ndi Anke Hoeffler anatchukitsa pofunsa ngati anthu amaukira boma chifukwa cholakwiridwa kapena chifukwa choona mpata wolemera. Ku Mozambique funsoli silithandiza kwenikweni, popeza kunalibe dayamondi kapena mafuta olimbirana monga ku Angola. Lothandizako ndi ganizo la Jeremy Weinstein, yemwe mu 2007 anayerekeza Renamo ndi gulu la Yoweri Museveni ku Uganda. Iye anati gulu loyamba ndi chuma cha akunja silivutika kukopa anthu ndi mfundo, limadzaza ndi ofuna phindu lamsanga, ndipo limachitira nkhanza anthu wamba kuposa gulu loyamba lili losauka.

Mawu akuti msilikali nawo ali ndi zovuta zake. Chakumapeto kwa 1988 Minter anacheza ndi anthu 32 omwe anamenyapo nkhondo ku Renamo, ndipo anapeza kuti oposa 90 pa 100 alionse m'gululi analowa mochita kugwidwa. Mnyamata ankatengedwa kumunda, kusukulu kapena m'basi, n'kupititsidwa kutali ndi kwawo kuti asadziwe njira yothawira. Otsutsa anati ambiri mwa ofunsidwawo anali m'manja mwa boma, ndipo munthu wotere sanganene kuti analowa mwa kufuna kwake. Jessica Schafer, yemwe anacheza ndi asilikali akale m'chigawo cha Manica nkhondo itatha, anapeza kuti kugwidwa ndi kukhulupirira sizitsutsana: munthu wobedwa ali mnyamata ankatha kudzafika pokhulupirira kuti akumenyera chilungamo, n'kumaona akuluakulu ake ngati atate oyenera kudzamulipira. Kumbali ya boma nako kunalibe ufulu wochuluka wosankha, chifukwa usilikali unali wokakamiza, ndipo anyamata ankagwidwa m'misewu ndi m'misika. Alcinda Honwana analemba za ana omwe anasandutsidwa asilikali, ndi miyambo yowasambitsa pobwerera kwawo kuti mizimu ya anthu amene anawapha isalowe nawo m'mudzi.

Pakati pa msilikali ndi munthu wamba panali magulu ena osadziwika bwino mbali yake. A mujiba anali anthu a m'mudzi momwemo omwe Renamo inkawagwiritsa ntchito ngati maso ndi makutu ake, otolera chakudya ndi kulonda ofuna kuthawa. Gandira inali ntchito yokakamiza, yolima minda ya asilikali ndi kusenza katundu mitunda italiitali, yofanana ndi thangata wa m'minda ya atsamunda ku Nyasaland. Amayi ndi atsikana ambiri anagwiriridwa pa ntchito imeneyi. Boma linali ndi magulu ake a anthu wamba opatsidwa mfuti. Ndiye panali a Naparama, gulu la alimi lomwe linabuka cha m'ma 1989 ku Zambézia ndi Nampula motsogozedwa ndi Manuel António. Iye ankatemera anthu ake mphini za mankhwala omwe ankati amaletsa zipolopolo, ndipo iwo ankathamangira adani ndi mikondo ndi zikwanje zokha. M'miyezi yowerengeka analanda madera omwe asilikali a boma anawalephera kwa zaka, mpaka António anaphedwa mu Disembala 1991. Ken Wilson ndi Corinna Jentzsch anaonetsa kuti kufotokoza nkhondoyi ngati ya mbali ziwiri zokha kumabisa anthu oterewa.

Wozolowera mbiri ya nkhondo za magulu awiri ondandalikana pabwalo sapeza zambiri zotere kuno. Nkhondoyi inali yobisalirana: kutchera midipiti ya magalimoto, kugumula milatho ndi njanji, kugwetsa nsanamira za magetsi ochokera ku Cahora Bassa, kutentha masukulu ndi zipatala za m'midzi, kukwirira mabomba m'njira. Ngakhale Casa Banana, yomwe inalandidwa mothandizidwa ndi asilikali a Zimbabwe, inabwerera m'manja mwa Renamo patangotha miyezi yochepa. N'chifukwa chake olemba mbiri ya nkhondoyi amakamba kwambiri za njira kuposa za mabwalo a nkhondo. Asilikali a Zimbabwe ankalonda njira ya Beira, momwe mumadutsa njanji, msewu ndi paipi ya mafuta. Asilikali a Malawi, kuyambira mu 1987, ankalonda njanji ya Nacala. Izi zinadza pambuyo pa chaka chovuta cha 1986, pamene Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anakumana ndi Kamuzu Banda ku Blantyre mu Seputembala, akudandaula kuti Renamo ikudutsira m'Malawi, zomwe boma la Malawi linkakana. Posakhalitsa Renamo inalanda matauni a m'malire monga Milange ndi Mutarara, ndipo pa 19 Okutobala Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini.

Funso lenileni la ofufuza linasanduka lakuti: dera ili lili m'manja mwa yani, usana ndi usiku? Robert Gersony, yemwe boma la America linamutuma, anacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 ndipo mu lipoti lake la mu Epulo 1988 anagawa madera a Renamo patatu. Madera a msonkho ndi omwe asilikali ankangofikako kudzatenga chakudya. Madera olamulidwa ndi omwe anthu ankakhala pafupi ndi msasa, akugwira gandira. Madera owononga ndi midzi ya boma yomwe inkatenthedwa. Pambuyo pake Stathis Kalyvas, polemba za nkhondo zapachiweniweni zonse, anafotokoza mfundo yogwirizana ndi imeneyi: anthu wamba amamvera amene ali ndi mphamvu pamalopo, kaya amamukonda kaya ayi, ndipo mayina ambiri a ophedwa amaperekedwa ndi anansi omwe ali ndi mangawa akale a malo kapena a ufumu. Kupha anthu mwaunyinji kumachitika kwambiri kumene gulu lilibe makutu. Ku Homoíne, m'chigawo cha Inhambane, pa 18 Julaye 1987, boma linati anthu 424 anaphedwa ndi Renamo, ngakhale Renamo inakana.

Chiwerengero cha akufa chimafuna kusamala. Gersony anati anthu wamba ophedwa ndi Renamo sangachepere 100,000. Chiwerengero chotchuka cha anthu pafupifupi 1 miliyoni n'chongoyerekeza, ndipo chimaphatikiza ofa ndi njala ndi matenda, makamaka pa chilala cha 1983 mpaka 1984 ndi cha 1991 mpaka 1992, pamene nkhondo inatseka misewu ya chakudya. Izi ndi zimene akatswiri amazitcha imfa zoonjezera, kutanthauza imfa zomwe sizikanachitika pakanakhala mtendere. Pamasiyanitsidwanso othawira kunja, omwe anali pafupifupi 1.7 miliyoni, ndi osamuka m'dziko momwemo, omwe anali ochuluka kuposa apo. Oposa 1 miliyoni mwa othawira kunjawo anali ku Malawi, m'maboma monga Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ndipo ambiri a ku Angónia ndi madera ena a ku Tete anafikira kwa abale awo olankhula chinenero chimodzi.

Umboni wa zonsezi ndi wapakamwa kwambiri kuposa wolembedwa. Pangano la ku Rome, lomwe Joaquim Chissano, wolowa m'malo mwa Machel, ndi Dhlakama anasaina mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, linatsatiridwa ndi chikhululukiro cha onse, ndipo Mozambique sinakhazikitse komiti yofufuza choonadi monga inachitira South Africa. Palibe bwalo lomwe linasonkhanitsa mboni. Zotsatira za chisankho cha mu Okutobala 1994 zinasanduka umboni pa mtsutso wakale uja: Renamo inapeza mipando 112 mwa 250, Frelimo 129, ndipo mphamvu za Renamo zinali pakati ndi kumpoto kwa dziko. Ena amati izi zinatsimikizira Geffray, ena amati voti ya anthu otopa ndi nkhondo sionetsa zimene ankaganiza mu 1984. Buku la mu 2018 lomwe anakonza Eric Morier-Genoud, Michel Cahen ndi Domingos do Rosário linatsata njira ya kufufuza dera ndi dera, chifukwa nkhondo ya ku Gaza, ya ku Gorongosa ndi ya ku Zambézia sizinayende mofanana.

Zaka zoyambira ndi zothera nazo zili pa mtsutso. Owerengera kuyambira 1976 ndi amene amapeza zaka 16, pomwe mabuku ena amayambira 1977. Kumenyana kunabukanso m'chigawo chapakati mu 2013, Dhlakama anamwalira ku Gorongosa mu Meyi 2018, ndipo pangano lina la mtendere linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019 ndi Filipe Nyusi wa boma ndi Ossufo Momade wa Renamo. Olemba ena amaika kumenyana kwa zaka zimenezi m'mutu wakewake, ena amakuona ngati zotsalira za nkhani ya asilikali a Renamo omwe sanatule zida mu 1994.