Lydian dominant: sikelo ya jazi yokweza fa ndi kutsitsa ti

Lydian dominant ndi sikelo ya manoti 7 imene oyimba jazi amagwiritsa ntchito popeka nyimbo pompopompo, anzawo akuwagwirira chord. Ikayambira pa C, manoti ake ndi C, D, E, F#, G, A ndi Bb. Makolo amene munakulira m'kwaya za tchalitchi kumudzi, iyimbeni pa solfa: d r m fe s l ta. Ndi do re mi yathu yomwe ija, kungoti fa wakwera pang'ono, ti watsika pang'ono. Manoti omwewa ndi amene ali mu G melodic minor, mutayambira pa noti yachinayi.

Ntchito yake ili pa chord ya dominant seventh. C7 ili ndi C, E, G ndi Bb. Mwana akakhalitsa chala pa F pamwamba pa chord imeneyi, khutu limakana, chifukwa F wapanikizana ndi E. Akasuntha kupita pa F#, mkangano uja umatha, ndipo noti iliyonse ya sikeloyi angathe kuimapo osachita manyazi.

Koma si dominant iliyonse imene imaifuna. Imakoma pa chord yosathamangira kubwerera kwawo. Mu "Take the A Train", imene Billy Strayhorn anapeka ndipo gulu la Duke Ellington linajambula mu 1941, nyimbo ili mu C, koma pa bala yachitatu imakwera pa D7 n'kukhazikika pa G#. Pamenepo woyimba amatenga D, E, F#, G#, A, B, C. Imagwiranso oyimba akaika Db7 m'malo mwa G7 asanafike pa C. Ana ambiri anaimva kale osadziwa, m'nyimbo yotsegulira katuni ya The Simpsons imene Danny Elfman anapeka mu 1989. Mawu akuti jazi kwathu amatikumbutsa banjo ya Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kuno ku Dubai ambirife tili m'mafulati a makoma opyapyala, choncho kiyibodi ndi mahedifoni n'zokwanira. Dzanja lamanzere ligwire C, E ndi Bb, lamanja liyende ndi manoti atatu okha: D, F# ndi A. Ine ana anga a kusukulu ndimawauza kuti ayambe aimba fe ndi pakamwa chala chisanamupeze, chifukwa wongothamanga sikelo kukwera ndi kutsika amamveka ngati akuwerenga rejisitala.